Boma la Salazar Litagwa, Akazitape Ake Anapita Kuti?

Ambiri mwa akuluakulu amene amabwera m'makalasi athu kuno ku Mecanhelas anaona nkhondo ziwiri ndi maso awo. Yoyamba inali ya ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974. Yaciwiri ndi ija ya zaka 16, imene inatha pa 4 Okutobala 1992. Pophunzitsa mbiri timakonda kuziika payokha payokha, ngati kuti ina inazima, kenaka ina inangobuka yokha. Koma panali anthu ena amene anagwira nchito m'nkhondo zonse ziwirizi: akazitape ndi akuluakulu a boma la Apwitikizi, amene boma lawo litagwa anathawira m'maiko oyandikana nafe. Kumeneko anapeza mabwana atsopano ofuna kugula zimene iwo ankadziwa za ife. Nkhani ino ndi ya anthu amenewo, kuti inu atsogoleri a makalasi mukhale ndi poyambira ophunzira akakufunsani.

PIDE INALI CIANI?

António Salazar analamulira Portugal kuyambira 1932 mpaka 1968, ndipo Marcelo Caetano anapitiriza mpaka 1974. Ulamuliro wawo ndi umene timauti wacifasisti: cipani cimodzi, manyuzipepala otsekedwa pakamwa, ndi apolisi acinsinsi omvetsera pakhomo pa aliyense. Apolisiwo dzina lawo linali PIDE kuyambira 1945. Mu 1969 analisintha kukhala DGS, koma anthu ake anali omwewo, ndipo pakamwa pa anthu inakhalabe Pide basi.

Mphamvu ya Pide inali m'makutu ndi m'mapepala. Inali ndi anthu oiuza nkhani m'midzi, m'masitolo, m'masukulu ndi pa njanji, ndipo ciliconse cimene yamva inkalemba ndi kusunga: wakuti anawoloka malire, wakuti anapatsa ufa anyamata a Frelimo, mfumu yakuti njokayikitsa. Ogwidwa ankapita kundende monga ya Machava, kumene mbusa Zedequias Manganhela anafera mu Disembala 1972 ali m'manja mwa DGS.

Pa 25 Epulo 1974 asilikali a ku Lisboa anagwetsa boma la Caetano. Mu Juni caka comweco asilikali anagwira mazana a anthu a DGS muno mu Moçambique, koma ena anali atawoloka kale, ndipo ena anawoloka pambuyo pake, kupita ku Rhodesia ndi ku South Africa. Maiko awiriwa ankalamulidwa ndi azungu ocepa, ndipo ankaopa kwambiri boma la Frelimo limene linali kubwera.

SIZINAYAMBIRE KUNO

Zoterezi zinacitikanso ku Ulaya nkhondo ya Hitler itatha mu 1945. Reinhard Gehlen anali mkulu wa ukazitape m'gulu la nkhondo la Germany, woyang'ana mbali ya Russia. Nkhondo ili pafupi kutha anabisa mapepala ake, nadzipereka kwa Amereka. Iwo anamulemba nchito, ndipo mu 1956 anakhala mkulu wa akazitape a West Germany. Klaus Barbie, amene anazunza ndi kupha anthu mu mzinda wa Lyon ku France, anagwirira nchito akazitape a asilikali a Amereka, ndipo iwo omwewo anamuthandiza kuthawira ku Bolivia mu 1951. Anadzaweruzidwa mu 1987, patapita zaka zoposa 40.

Cifukwa cake ncosavuta kumva. Kazitape cuma cake cili m'mutu ndi m'cikwama: maina, njira, zilankhulo, ndi zofooka za anthu. Boma likagwa cumaco sicigwa nalo. Wina akacifuna, amaiwala dala magazi amene ali m'manja mwa mwini wake. Paja akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

JORGE JARDIM NDI NJANJI YATHU

Woyamba kumudziwa ndi Jorge Jardim. Iyeyu sanali msilikali kapena wapolisi wa Pide. Anali waciwiri kwa nduna m'boma la Salazar, ndipo mu 1952 anabwera ku Moçambique, nayendetsa fakitale ya Lusalite ku Dondo, kenaka nyuzipepala ya Notícias da Beira. Salazar ankamutuma nchito zacinsinsi zimene akazembe a boma sakanatha kuzigwira poyera, ndipo Jardim anali ndi akazitape akeake.

Nchito yake yaikulu inali Malawi. Anapalana ubwenzi ndi Dr. Kamuzu Banda mpaka anasankhidwa kukhala woimira Malawi ku Beira. Apwitikizi ankafuna kuti Malawi isakhale njira ya Frelimo yolowera ku Niassa, Zambézia ndi Tete. Banda ankafuna doko. Cotero mu 1970 njanji inalumikizidwa kucokera ku Nova Freixo, kumene lero ndi Cuamba, kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi, kukafika ku Malawi. Ndi njanji yomweyi imene idutsa m'dera lathu, imene lero ikoka malasha a ku Moatize kupita ku Nacala. Pa nyanja yaikulu napo Apwitikizi anapereka kwa Malawi maboti olondera, ndipo limodzi mwa iwo analipatsa dzina lakuti John Chilembwe. Taganizani, abale: bwato la atsamunda kunyamula dzina la munthu amene anafa polimbana ndi atsamunda!

Boma litagwa mu Epulo 1974, Jardim anali ku Lisboa. Anabisala ku nyumba ya kazembe wa Malawi, kenaka anazemba kulowa m'Spain, nabwerera mbali ino ya Africa. Moçambique sanaipondenso ngati mwini. Mu 1976 anatulutsa buku lake lakuti Moçambique, Terra Queimada, lodzudzula amene anapereka dziko kwa Frelimo. Anakathera ku Gabon akugwira nchito ya banki, ndipo anamwalira ku Libreville mu 1982. Iye anapita, koma anthu amene anawalera anatsala pa nchito.

ORLANDO CRISTINA, MLENJE WA KU NIASSA

Mmodzi wa anthu a Jardim anali Orlando Cristina, ndipo ameneyu ndi wa kufupi kwenikweni ndi ife. Anali Mpwitikizi amene anakhala zaka zambiri muno m'Niassa ngati mlenje wa nyama zazikulu. Ankadziwa thengo, ankadziwa mafumu, ankalankhula ndi anthu m'cilankhulo cawo. Frelimo itangoyamba kumene iye anapita ku Dar es Salaam ngati munthu wogwirizana nayo, kenaka anabwerera, nagwira nchito ndi asilikali a Apwitikizi ndi Jardim. Anali m'gulu la ophunzitsa ma GE ndi ma GEP ku Dondo. Amenewa anali magulu apadera a asilikali akuda, ana a dziko lino, amene Apwitikizi anawakhazikitsa kuyambira 1970 kuti azisaka Frelimo m'thengo.

Ulamuliro wa Apwitikizi utatha, Cristina anapezeka ku Rhodesia. Olemba mbiri ambiri amati anapita ndi mapepala a maina a asilikali aja. Kumeneko kunali Ken Flower, mkulu wa CIO, nthambi ya ukazitape ya boma la Ian Smith. Flower anali atagwirizana kale ndi DGS nkhondo ya ufulu isanathe, cifukwa ankhondo a ZANU ankalowa m'Rhodesia kudzera ku Tete. Mu Malici 1976 Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia, ndipo apo a Smith anatsimikiza zokhala ndi gulu lawo mkati mwa Moçambique, loti liziwauza kumene kuli ZANU ndi kusokoneza boma latsopano.

Anayamba ndi wailesi. Mu 1976 Voz da África Livre inayamba kuulutsa mau kucokera ku Gwelo, kumene lero ndi Gweru, ndipo Cristina anali mmodzi wa oiyendetsa. A Frelimo ankaiti wailesi ya Quizumba, ndiye kuti fisi. Kenaka anatsegula msasa wophunzitsira nkhondo ku Odzi, pafupi ndi Mutare. Mtsogoleri woyamba wa gululo anali André Matsangaissa, amene kale anali msilikali wa Frelimo ndipo anathawa ku msasa wa cilango wa Sacudzo. Dzina lija la Matsanga, limene agogo amanena mpaka lero, linacokera kwa iyeyu. Anaphedwa ku Gorongosa pa 17 Okutobala 1979, ndipo Afonso Dhlakama analowa m'malo mwake. Ken Flower mwini wake anavomera m'buku lake la 1987 kuti nthambi yake ndiyo inayambitsa gululi.

KUSINTHA BWANA KACIWIRI

Mu Epulo 1980 Rhodesia inasanduka Zimbabwe. Bwana waciwiri uja anagwanso. Nanga Cristina? Madzi saiwala khwawa. Gulu lonse, pamodzi ndi wailesi yake, linasamutsidwira ku South Africa, m'manja mwa akazitape a asilikali a boma la tsankho, kufupi ndi Phalaborwa. Cristina anakhala mlembi wamkulu wa Renamo. Ku Lisboa wolankhulira gululi anali Evo Fernandes, loya wa ku Beira amene kale ankagwira nchito pa nyuzipepala ya Jardim.

South Africa inali ndi ndalama, ndege ndi zida zoposa za Rhodesia, cotero nkhondo inakula msanga. Pa 16 Malici 1984 Machel ndi P. W. Botha anasaina pangano la Nkomati, kulonjezana kuti aliyense asiye kuthandiza adani a mnzake. Koma mu Ogasiti 1985, pamene likulu la Renamo ku Gorongosa linalandidwa, anapezako mabuku olembedwa pamanja oonetsa kuti asilikali a South Africa sanasiye kutumiza zida. Apanso pepala ndilo linaulula.

ENA AWIRI A PIDE

Casimiro Monteiro anabadwira ku Goa, ndipo anali wa Pide weniweni. Pa 13 Febuluwale 1965 anali m'gulu limene linakola General Humberto Delgado, mdani wamkulu wa Salazar, ndi kumupha m'dziko la Spain pafupi ndi malire. Zitatero anamutumiza ku Moçambique. Dzina lake ndi limene limamveka kawirikawiri pa nkhani ya bomba lobisidwa m'buku limene linapha Eduardo Mondlane ku Dar es Salaam pa 3 Febuluwale 1969. Monteiro anathawira ku South Africa. Mu 1981 khoti la asilikali ku Lisboa linamugamula zaka zoposa 19 cifukwa ca imfa ya Delgado, iye kulibe, ndipo cilangoco sanacigwire. Anakhala ku Richards Bay ndi dzina lina mpaka anamwalira mu 1993.

Óscar Cardoso anali inspekitala wa Pide amene anayambitsa ma Flechas ku Angola, gulu la olondola mapazi loyendetsedwa ndi Pide yokha, ndipo nkhondo ili pafupi kutha anabweretsa nzeru yomweyo muno mu Moçambique. Boma litagwa anakhalako m'ndende ku Portugal. Atatuluka anapita ku Rhodesia, kenaka anagwira nchito ndi asilikali a South Africa. Mu 1992 boma la Portugal linamupatsa penshoni yapadera yothokoza nchito imene anagwirira dziko. Penshoni ya mtundu womwewo inali itakanizidwa kwa Salgueiro Maia, kapitao amene anatsogolera asilikali kukagwetsa boma lacifasisti pa 25 Epulo. Nkhaniyi inautsa mkwiyo waukulu ku Portugal komweko.

MOTO UFIKA KWATHU

Mu 1982 Renamo inaphatikana ndi kagulu ka Gimo Phiri kamene kanali kale ku mbali ya Milange, ndipo kucokera ku Zambézia nkhondo inakwera kulowa m'Niassa. Pofika 1984 njanji ya Nacala inali itaduka. Njanji imene Jardim anaikonzera njira inaonongedwa ndi gulu limene anthu a Jardim anathandiza kulera. Kuyambira 1987 asilikali a Malawi anabwera kudzailondera. Zimenezi zinacitika pambuyo pa msonkhano wa ku Blantyre wa mu Sepitembala 1986, pamene Machel, Kaunda ndi Mugabe anadzudzula Banda kuti dziko lake likupereka mpata kwa Renamo. Banda anakana.

Zotsatira zake sitifunika kukuuzani. Mabanja anawoloka pa Nayuchi, ena pa Chiuta ndi pa Chirua, kukakhala ku Machinga ndi ku Mangochi. Pa nthawi ina Malawi inasunga anthu athu oposa miliyoni imodzi. M'dziko lonse anafa anthu pafupifupi miliyoni. Masukulu anatsekedwa, ndipo ena mwa amene akuphunzira a, e, i m'makalasi athu ali ndi imvi ndi ana a zaka zimenezo.

Pano tiyenera kunena mosamala. Tikati akazitape akale aja anabweretsa nkhondo, sitikuti iwo okha ndiwo anaisenza zaka 16. Iwo anabweretsa moto, koma udzu wouma anaupeza. Anthu ambiri anali okwiya ndi kusamutsidwira m'midzi ya boma, ma aldeia comunal, kutali ndi minda ndi manda a makolo awo. Mafumu analandidwa ulemu. Niassa yathu yomweyi inasanduka malo otayirako anthu: kunali misasa ya cilango monga M'telela, ndipo mu 1983 Operação Produção inatuta anthu m'mizinda kudzawasiya kuno. Renamo inakula ndi madandaulo amenewa, inakulanso ndi kugwira anyamata mokakamiza. M'kupita kwa nthawi inakhala ndi mizu yakeyake, ndipo pa cisankho ca 1994 anthu ambiri anaivotera. Amene anena kuti zonse zinali za akunja wabisa theka la mbiri. Amene anena kuti akunja sanacitepo kanthu wabisa theka linalo.

ANATHA BWANJI?

Timati coipa citsata mwini. Ena cinawatsatadi. Orlando Cristina anaomberedwa mu Epulo 1983 pa famu ina pafupi ndi Pretoria, pa nthawi ya mikangano mkati mwa Renamo. Evo Fernandes, amene analowa m'malo mwake ngati mlembi wamkulu, anapezeka ataphedwa pafupi ndi Cascais ku Portugal mu Epulo 1988. Mlanduwo unaloza kwa akazitape a boma la Maputo, ngakhale bomalo linakana. Koma Jardim ndi Monteiro anafa imfa ya matenda, ndipo Cardoso analandira penshoni. Palibe mmodzi mwa asanuwa amene anaimirira pa bwalo la milandu muno mu Moçambique.

Tsono taonani amene analipira. Ma GE, ma Flechas ndi anthu wamba amene ankauza Pide nkhani, ambiri a iwo analibe ndege yothawira. Kuyambira kumapeto kwa 1978 zithunzi zawo zinapacikidwa pa malo a nchito, ndipo ankawati ma comprometido, ndiye kuti anthu odetsedwa ndi boma lakale. Mu 1982 Machel anawasonkhanitsa ku Maputo kuti aulule pagulu zimene anacita, ndipo atatero ananena kuti nkhaniyo yatha. Ena anali atapita kale ku misasa ya cilango. Ena, poona kuti kwawo alibenso malo, anatsatira mabwana awo akale ku Rhodesia, nabwerera ndi mfuti. Wamng'ono anasenza manyazi pamaso pa anansi ake, pamene amene ankalemba maina ndi kupereka malipiro anasintha dziko, ena anasintha ndi dzina lomwe.

Pa ici tiphunzirapo kuti boma lankhanza silitha tsiku limene mbendera yake yatsika. Anthu ake, mapepala ake ndi luso lake zimatsala, ndipo zimafunafuna wozigula. Ku Malawi anaziona zimenezi mu Disembala 1993, pamene asilikali analanda zida a Young Pioneers ndipo ena a iwo anathawira mbali ino ya malire. Funso la kumene apite anthu a mfuti ndi a zinsinsi ulamuliro ukasintha si la azungu okha ai.

POKAMBIRANA M'KALASI

Nkhani iyi njolemera, cotero muitenge pang'onopang'ono, mutu umodzi pa tsiku. M'kalasi limodzi mungakhale mwana wa GE, mwana wa msilikali wa Frelimo ndi mwana wa Matsanga, onse pa benci imodzi. Musalole kuti phunziro lisanduke bwalo lolozana zala. Maina amene talemba muno ndi a anthu odziwika m'mabuku a mbiri. Maina a anansi athu asalembedwe pa bolodi.

Mungayambe ndi mau afupiafupi oti ophunzira alembe: njanji, malire, nkhondo, pepala, dzina, mtendere. Kenaka afunseni mafunso awa:

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene Cristina ankadziwa za Niassa, zimene boma la Rhodesia linkazifuna?

2. Cifukwa ciani maboma amalemba nchito anthu amene akudziwa bwino kuti anacita zoipa?

3. Njanji ya pa Entre Lagos inatibweretsera zabwino ziti, ndipo inatibweretsera mavuto ati?

4. M'mudzi mwanu anthu anawoloka caka citi, anadzera njira iti, ndipo anabwerera liti?

Mayankho a funso lacinayi muwalembe m'kope la kalasi, ndi caka cake ndi dzina la mudzi, monga mmene akuluakulu anenera. Mapepala ambiri a Pide a muno mu Moçambique anaonongedwa kapena kusowa mu 1974, ndipo Jardim ndi Flower anasiya mabuku ofotokoza mbali yawo. Mbali ya amene anawoloka Chiuta usiku ndi ana kumbuyo ikali m'mitu ya agogo, ndipo agogowo akutha. Pide inkalemba za ife popanda ife kudziwa kapena kutha kuwerenga. Tsopano ophunzira anu akutha kugwira pensulo, alembe okha.